Matope a mu Shire achoka m'munda mwa yani?

Shire akamatuluka m'nyanja ku Mangochi madzi ake amakhala oyera, chifukwa matope amene mitsinje ya kumpoto ndi pakati imabweretsa amakhala atadikha kale pansi pa nyanja. Koma kaimeni pa mlatho wa Zalewa mwezi wa Januwale mvula itagwa masiku awiri: madzi omwe aja afiira ndipo akuyenda molemera. Pakati pa Liwonde ndi Kapichira mtsinjewu umalandira Rivirivi, Lirangwe, Lisungwi, Wamkulumadzi ndi makwawa osawerengeka otsika ku Ntcheu, Balaka, Neno, Mwanza ndi Blantyre. Dothi limene a EGENCO amalimbana nalo m'madamu a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, lomwenso limavutitsa a Blantyre Water Board popopa madzi pa Walker's Ferry, silinagwe kumwamba. Dzana linali m'munda mwa munthu, chimanga chikudya momwemo.

Komabe zungulirani midzi ya m'zigwa za mitsinje imeneyi, mufunse kuti nthaka ikuchoka m'munda mwa yani. Ambiri adzaloza kuphiri, kwa ootcha makala, kapena kwa mnansi wolima m'mphepete mwa mtsinje. Sakunama. Akunena zomwe maso awo awauza, ndipo pa nkhani ya mvula ndi nthaka maso amatisocheretsa kwambiri. N'chifukwa chake pali anthu amene ntchito yawo ndi kuyeza: mvula yagwa yochuluka bwanji, yothamanga pamtunda ndi yochuluka bwanji, nanga yanyamula dothi lolemera bwanji. Zomwe miyeso yawo yapeza zimatsutsa zambiri mwa zimene timauzana kuchitsime ndi pamsika.

Chikhulupiriro chozika mizu kuposa zonse ndi ichi: "Munda wanga ulibe chigwembe, ndiye kuti nthaka ili bwinobwino." Chigwembe chimaoneka, chimameza njira, chimathyola mwendo wa ng'ombe, n'chifukwa chake timachiopa. Koma nthaka yambiri ya m'minda imachoka popanda chigwembe. Kafukufuku amene bungwe la FAO linatulutsa mu 2016 pamodzi ndi boma anapeza kuti, tikagawa mofanana dziko lonse, hekitala iliyonse m'Malawi inkataya matani 29 a dothi pachaka. Kuwerengera kwa World Bank mu 1992 kunali pa matani 20. Matani 29 ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Pa ekala imodzi ndi matumba oposa 230. Munthu atabwera usiku n'kutapa dothi lochuluka chotere m'munda mwanu, mukanadzuka nalo kupita kwa a mfumu. Koma dothi lomwelo mukaliyala pa hekitala yonse limangokhuthala pafupifupi mamilimita awiri, ngati khobidi. Palibe diso limene lingaone kuti munda watsika ndi mamilimita awiri. Zaka khumi zikadutsa ndi masentimita awiri, zaka makumi atatu ndi masentimita asanu ndi limodzi, pamene chilengedwe chimatenga zaka mazanamazana kuti chipange dothi lapamwamba lochuluka chomwecho.

Chiwerengero cha 29 chija n'chongosonkhanitsa malo osiyanasiyana: munda wa pachidikha umataya zochepa, wa pamalo otsetsereka ku Ntcheu kapena Neno ungataye kuposa pamenepo. Zizindikiro zake zilipo, kungoti timazimasulira molakwika. Wina amati miyala ikumera m'munda mwake. Miyala simera, dothi lomwe linaikwirira ndi limene lapita. Mizu ya mtengo wa mango imene kale inali pansi tsopano ana akukhalapo. Mvula ikakata, yang'anitsitsani pansi pa timiyala ting'onoting'ono: mudzapeza kalikonse katakhala pa kamulu kake ka dothi, pozungulira ponse patatsika. Kamwalako kanatchinga madontho, ndipo kutalika kwa kamuluko ndi muyeso wa dothi lomwe lachoka.

Izi zikutifikitsa pa chinthu chimene ine ndimafuna mlimi aliyense atachimva. Timaganiza kuti chokokolola nthaka ndi madzi oyenda. Timaganizanso kuti chaka cha mvula yambiri ndicho chaka chotaya nthaka yambiri. Zonse ziwiri zili ndi choonadi pang'ono chabe. M'zaka za m'ma 1950, pa Henderson Research Station pafupi ndi Mazowe ku Zimbabwe, komwe mvula yake ndi ya mabingu monga yathu, katswiri wina dzina lake Norman Hudson anakonza timinda tiwiri toyandikana, totsetsereka mofanana, tonse tosalimidwa kanthu ndi topanda udzu. Pamwamba pa kamodzi anayanikapo waya wa mabowo ang'onoang'ono, wa mtundu wotchingira udzudzu, osaugunditsa pansi. Mvula yonse inkadutsa pa wayayo n'kufika pansi. Kamundako sikanamanidwe madzi ngakhale pang'ono. Chimene wayayo ankachita n'kuswa madontho kuti afike pansi atatha mphamvu. Kumunsi kwa kamunda kalikonse kunali thanki yolandira madzi ndi matope, ndipo matopewo ankaumitsidwa n'kuyezedwa pasikelo. Patapita zaka, kamunda kapamtetete kanali katataya dothi lochuluka kuwirikiza koposa ka 100 poyerekeza ndi kotchingidwa kaja.

Tanthauzo lake n'lakuti ntchito yoononga imayamba ndi dontho. Dontho lalikulu likamenya nthaka yopanda chofunda limaswa timibulu ta dothi, fumbi lake limatseka timabowo tomwe madzi amalowera, pamwamba pamachita chikhakha, ndipo madzi osowa polowera amayamba kuyenda atanyamula dothi lomwe dontho laswa kale. Hudson anapezanso kuti mvula yogwa pang'onopang'ono, yosafika mamilimita 25 pa ola, kawirikawiri siikokolola kwenikweni. Mvumbi wa tsiku lonse ungathe kuthira mamilimita 40 onse n'kulowa pansi. Chimvula chamkuntho chingathire mamilimita 40 omwewo m'theka la ola n'kusesa munda. Pepala la woyeza mvula lidzalemba 40 masiku onse awiri. Ndiye kuchuluka kwa mvula ya chaka chonse sikutiuza zambiri. Amene ayeza matope kwa nyengo zingapo amapeza kuti gawo lalikulu la dothi la chaka chonse limachoka ndi zimvula zowerengeka, ndipo zoopsa kwambiri ndi za Novembala ndi Disembala, pomwe minda ili yogalauzidwa, yoyera, chimanga chisanatseke mizere.

Ganizirani tsono zomwe timachita mu Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala. Timasosa, kuunjika mapesi n'kuyatsa. Anyamata osaka mbewa amatentha zotsala. Ziweto zimamaliza. Timati munda wosesedwa bwino ndi wa mlimi wakhama, ndipo wosiya mapesi timamuyesa waulesi. Koma mapesi aja ndi amene akanagwira ntchito ya waya wa Hudson, kwaulere. Alangizi akamalimbikira za kuphimbira ndi ulimi wa mtayakhasu, maziko ake ndi amenewa. Nkhawa za alimi pa ulimiwu n'zenizeni: chiswe, mbozi zobisala m'mapesi, mbuzi za eni ake zongoyendayenda, moto wa munthu wina. Zimenezi n'zofunika kukambirana pabwalo la a mfumu. Koma kuti nthaka yofundidwa imapulumuka, pamenepo palibe mtsutso.

Pa za mvula yeniyeniyo timasokonezekanso. Akuluakulu amati, "Mvula masiku ano yachepa, mtsinje uwu sunkaphwa." Omwewonso mu Febuluwale amati, "Mvula masiku ano yanyanya. Madzi sankafika pano." Nyengo ikusinthadi, ndipo kagwedwe ka mvula sikodalirika monga kale. Koma mtsinje wosefukira mu Febuluwale n'kuuma mu Ogasiti sumangonena za kumwamba ayi. Umanenanso za nthaka ya m'chigwa chake. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Pa ekala ndi malita pafupifupi 4,000. Chimvula cha mamilimita 40 chimathira malita 160,000 pa ekala imodzi. Tiyerekeze kuti gawo limodzi mwa magawo anayi lakanika kulowa pansi: ndi migolo 200 ya malita 200 yochoka pa ekala imodzi yokha, ndipo m'chigwa muli maekala zikwizikwi. Madzi amenewo akanalowa pansi akanatuluka pang'onopang'ono pa kasupe, m'dambo ndi m'chitsime mpaka chilimwe. Akathamanga pamtunda amafika kumtsinje onse tsiku limodzi. Kusefukira ndi kuphwa kungathe kukhala ndi gwero limodzi, ngakhale mvula ya chakacho itakhala yofanana ndi ya nthawi ya agogo.

Kuti tisiyanitse cholakwa cha kumwamba ndi cholakwa cha pansi, pamafunika miyeso itatu pa chigwa chimodzi. Woyamba ndi wa mvula. Nthambi yoona zanyengo ili ndi malo ake monga Chileka, Chitedze, Makoka, Bvumbwe ndi Ngabu, komanso zoyezera zing'onozing'ono m'maofesi a zaulimi ndi m'maesiteti, zomwe zimawerengedwa m'mawa uliwonse. Pali zinanso zamakono zodzilembera zokha mphindi ndi mphindi, zomwe zimatha kusiyanitsa mvumbi ndi chimvula chamkuntho. Amene amati "wailesi yanena kale za mvula ya kwathu" aiwale zimenezo: mvula ya mabingu imagwa mudzi uno n'kulumpha mudzi winawo, choncho choyezera cha pa Chileka sichinganene za munda wa ku Neno. Muyeso wachiwiri ndi wa mtsinje: chitsulo cholembedwa manambala choimikidwa m'madzi, chimene munthu wa pamudzi pomwepo amawerenga tsiku ndi tsiku, ndipo akatswiri amasandutsa kutalika kwa madziwo kukhala kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi. Wachitatu ndi botolo: kutunga madzi amatope mtsinje utadzaza, kusefa, kuumitsa ndi kuika pasikelo. Mukaphatikiza zitatuzi mumadziwa kuti mwa mvula yomwe inagwa, yochuluka bwanji inathawa, ndipo inapita ndi matani angati.

Ntchito yotereyi inachitikapo kuno kwathu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, unduna wa zaulimi pamodzi ndi akatswiri a Hydraulics Research ya ku Wallingford ku Britain anayeza tizigwa tinayi toyandikana kwa nyengo zingapo. Mvula inali ya dera limodzi, koma kasamalidwe ka nthaka kanali kosiyana. Kachigwa kolimidwa mwa masiku onse, popanda zotetezera, kankataya dothi lochuluka kwambiri poyerekeza ndi komwe kunali milambala ndi kalimidwe kotsata dongosolo. Umboni wa mtundu umenewu, wotengedwa pa nthaka yathu ndi mvula yathu, ndi wamtengo wapatali, ndipo ndi wochepa. Mapu ambiri a kukokoloka kwa nthaka amene timaona lero amachokera pa masamu a pakompyuta, monga njira ya SLEMSA yomwe inakonzedwa ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970, kapena ya USLE ya ku America. Masamuwo ndi othandiza posonyeza madera oyenera kuyambira, koma amafuna miyeso ya m'munda kuti iwatsimikize. Chithunzi cha setilaiti sichinatungepo botolo la madzi amatope.

"Ife timapanga mizere chaka chilichonse, ndiye tikuteteza kale nthaka." Apa mpofunika kukumbuka mbiri. Mizere siinali paliponse kale. Madera ambiri ankalima matuto kapena pachidikha. Boma la atsamunda, makamaka pambuyo pa lamulo la zachilengedwe la 1946, linakakamiza anthu kuunga mizere yopingasa ndi kukumba milambala. Okana ankalipitsidwa, kumangidwa, ena kuzuliridwa mbewu. Malamulo amenewa, amene anthu ankawatcha malimidwe, anadedwa kwambiri moti analowa m'nkhondo yokana chitaganya; mu 1953 Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando itauza anthu ake kuti asawatsate. Kuchigwa cha Shire anthu anakakamizidwa mizere ngakhale pamalo athyathyathya otentha, pomwe alimi ankadandaula kuti mizere ikuumitsa nthaka. Lamulo limodzi la dziko lonse, lopanda kuyeza malo ndi malo komanso lopanda kumvera mlimi, linasiya chilonda chimene chinachedwa kupola.

Mizere inakhala, koma mzere pawokha si chitetezo. Mzere umagwira madzi ngati wadulidwa mopingasa ndendende, mutu ndi mchira zili pa msinkhu umodzi. Ukapendekeka pang'ono umasanduka ngalande: madzi a mizere makumi awiri amasonkhana pamalo amodzi otsika, amabowola mzere woyamba, wachiwiri, mpaka kumunsi. Madzi saiwala khwawa. Chaka chamawa adzadutsanso pomwepo, ndipo chigwembe chabadwa. Diso silingathe kudula mzere woongoka chotere pamalo otsetsereka. N'chifukwa chake alangizi amabwera ndi chingwe ndi levulo, kapena felemu ya mitengo itatu yokhala ndi mwala wolendewera, kudzakhoma zikhomo za akalozera, kuti mizere ina yonse itsate pamenepo. Pa akalozera amabzalapo vetiva, ndipo m'makwalala amaikamo ngonyeka kuti madzi aime pomwe agwera. Palinso vuto lobisika: khasu likamalekezera pa kuya kumodzimodzi zaka ndi zaka, pansi pake pamauma gwa, madzi ndi mizu zimalephera kubowola. Ndipo madzi ena oononga munda sachokera m'mundamo n'komwe. Amachokera pa denga la malata, pabwalo losesedwa, m'njira ya kuchigayo, m'ngalande ya msewu yomwe yangolozetsedwa m'munda mwa munthu. Amene amayenda m'chigwa mvula ikugwa, osadikira kuti ikate, ndi amene amaona kumene madzi akuyambira.

Za mitengo tinene mwachidule. Kudzala mitengo n'kofunika, koma "tabzala mitengo, kukokoloka kwatha" si zoona nthawi zonse. Madontho osonkhana pa masamba a mtengo wautali amagwa ali aakulu. Chomwe chimateteza nthaka ya m'nkhalango ndi masamba ogwa, udzu ndi zitsamba za pansi. Nkhalango ya bulugama yomwe pansi pake pamasesedwa ndi kupsa chaka ndi chaka ingathe kutaya dothi ndithu. Ndiponso mbande zowerengedwa pa tsiku lobzala si mitengo; yowerenga ndi yomwe yapulumuka chilimwe chachiwiri.

Alimi ambiri amati feteleza anaononga nthaka, kuti "yazolowera" ndipo popanda thumba siibereka. Kudandaulaku kuli ndi pogwira, popeza feteleza wina akathiridwa zaka zambiri popanda manyowa amawawasitsa nthaka. Koma madzi othamanga amasankha. Amatenga dothi losalala, lakuda, lopepuka, momwe muli chonde, n'kusiya mchenga ndi miyala. Matope opezeka m'thanki ya woyeza amakhala ndi chakudya cha mbewu chochuluka kuposa dothi lotsala m'munda. Feteleza wothiridwa dzulo, chimvula chikabwera lero, gawo lake limatsata njira yomweyo, ndipo kumunsi limakanenepetsa namasupuni amene amatseka makina a magetsi. Dziko lakhala likuthira ndalama zambiri m'feteleza wotsika mtengo kuyambira 2005. Thumba lothiridwa pa nthaka yosagwira madzi silibweza zomwe likanabweza.

Nanga Napolo? Amene anaona madzi, miyala ndi mitengo zikutsika phiri la Zomba mu Disembala 1946, kapena ku Phalombe mu Malichi 1991, kapena ku Chilobwe pansi pa phiri la Soche nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, anaona chinthu choposa mawu, ndipo sindingapeputse dzina lomwe makolo anachipatsa. Zomwe miyeso imaonetsa n'zakuti mvula ikagwa yochuluka kwa masiku otsatizana, dothi la paphiri limakhuta madzi, limalemera, n'kuterereka pa thanthwe lomwe lili pansi pake. Apa tisanamizirenso mlimi chilichonse: mvula ya mtundu umenewo imagumula ngakhale phiri la nkhalango yowirira. Kudula mitengo ndi kumanga nyumba m'njira za madzi kumakulitsa ngoziyo ndi kuchulukitsa maliro. Ubwino wa kuyeza ndi wakuti mamilimita akamaunjikana tsiku loyamba, lachiwiri, anthu a m'munsi mwa phiri angathe kuuzidwa kuti asamuke usiku usanafike.

Kumunsi, ku Chikwawa ndi Nsanje, ena amati matope a kumtunda ndi madalitso chifukwa amabweretsa chonde m'madimba. Dothi losalala likayalidwa pang'ono limathandizadi. Koma mitsinje ngati Mwanza ndi Ruo imabweranso ndi mchenga umene umakwirira minda, kukweza pansi pa mtsinje, kotero kuti madzi ochepa kuposa akale amakwanira kusefukira. Ndipo pali choonadi china chimene a mabungwe ndi opereka ndalama sakonda kumva. Si dothi lonse lochoka m'munda limafika mu Shire chaka chomwecho. Lambiri limaima kumunsi kwa munda, m'dambo, m'khwawa, n'kumasuntha pang'onopang'ono ndi chimvula chilichonse. Ngakhale midzi yonse ya ku Lisungwi itasamala minda yake kuyambira lero, mtsinjewo udzakhalabe wofiira kwa zaka, ukutsitsa dothi lomwe linachoka kale. Amene adzayeze zaka zitatu zokha n'kunena kuti ntchito yalephera adzakhala atalakwitsa. Amene adzanene kuti yatheka chifukwa chaka chimenecho kunalibe zimvula zamkuntho adzakhalanso atalakwitsa.

Pulogalamu yosamalira chigwa cha Shire yomwe inayamba mu 2012 ndi thandizo la World Bank inaikako ndalama pa zipangizo zoyezera mvula ndi mitsinje, ndipo ntchito ina yotchedwa MWASIP inatsatira mu 2020. Zipangizo n'zabwino, koma muyeso umakhala ndi phindu ukakhala wosadukiza zaka makumi. Chitsulo chikakokoloka ndi madzi osabwezeretsedwa, kapena wowerenga akaleka chifukwa sakulandira kangachepe kake, mpata umene watsala m'kaundula sungadzatsekedwenso, ndipo kawirikawiri umagwera pa tsiku la chigumula, lomwe ndi tsiku lofunika kuposa onse.

Sizonse zofuna akatswiri. Choyezera mvula chapulasitiki chingaime pa sukulu ya pulayimale, pamtetete kutali ndi denga ndi mitengo, ana a Sitandade 7 n'kumalemba m'kope m'mawa uliwonse. Komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi ingakhome zitsulo zazifupi m'minda ingapo mvula isanayambe, ina yophimbira, ina yosesa, kulemba chizindikiro pomwe dothi lalekezera, n'kudzayezanso mu Epulo. Ingakhomenso chikhomo pamutu pa chigwembe kuti ione mamita omwe chadya pa nyengo imodzi. Mabotolo awiri oyera, limodzi lotungidwa m'khwawa lotsika ku minda ya akalozera, lina m'khwawa lotsika ku minda yopanda kanthu, pa chimvula chimodzimodzi, akaikidwa pa tebulo pamsonkhano wa a gulupu mpaka matope adikhe, aliyense amadzionera yekha kusiyana kwake, ndipo mlangizi amatha kuyamba kukambirana ndi eni minda za komwe zikhomo za akalozera ziyambire chaka chimenecho.